Zowonjezera pa nkhani ya nthawi yopuma kwa olera ana olumala ku England

Pa funso loti kholo lolera mwana wolumala lingapumeko bwanji, nazi zina. Malamulo a 2011 amakakamiza khonsolo iliyonse ku England kulengeza chithandizo cha short breaks (kusamalira mwana kwa kanthawi kuti womulera apumeko) chomwe imapereka. Muchipeza pa Local Offer ya khonsolo yanu, lomwe ndi tsamba la pa intaneti lofotokoza chithandizo cha ana olumala m'dera lanu. Makalabu ena a Loweruka ndi a patchuthi mwana amangolembetsa, koma kuti azikagona kwina, lembani kalata ku khonsolo yopempha kuti adzaunike zosowa zake potsatira gawo 17 la Children Act 1989.

Pomwe zimalakwika ndi pamene kholo layankha odzaunikawo kuti "tikukwanitsa". Musabise kutopa. Kwa milungu iwiri, lembani kuti mwadzuka kangati usiku, kumudyetsa kwatenga mphindi zingati, mankhwala amamwa nthawi yanji. Akakupatsani direct payments (ndalama zoti mudzilipirire nokha chithandizocho), sungani malisiti onse, khonsolo idzawafuna.