M'bindikiro wa khonsolo: kunyanja, kapena mumzinda momwemuno?

Khansala Watsopano

Moni nonse. Ndinalowa m'khonsolo ya mzinda wina koyamba pachisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, ndipo andiika m'kagulu kosankha malo ochitira m'bindikiro wapachaka, kumene makhansala ndi akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana amakaunika ntchito za chaka chatha ndi kukambirana za bajeti. Popeza chaka chachuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, nkhaniyi iyenera kutha mu Januwale. Pali malo atatu: hotela ya kunyanja, malo ogona alendo m'tauni ina yapafupi, ndi holo yathu yomwe. Anzanga ambiri akufuna kunyanja, akuti ndi mmene zimakhalira chaka chilichonse, koma ine mtima ukukana, chifukwa m'wodi mwanga zinyalala zaunjikana pamsika kwa masabata atatu ndipo tikuuza anthu kuti galimoto ilibe mafuta. Inu amene munagwirapo ntchito zotere, tiyambe kuyang'ana chiyani?

Kalaliki Wopuma

A Khansala, ndinagwira ntchito yowerengera ndalama m'khonsolo kwa zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti mkangano wa malo kawirikawiri umakhala mkangano wa alawansi. Msonkhano ukachitikira mumzinda palibe amene amalandira ndalama yogonera kunja, koma mukangotuluka aliyense amalandira ya usiku uliwonse, kuphatikizapo madalaivala ndi alembi. N'chifukwa chake ku Mponela, ku Salima ndi ku Mangochi sikusowa misonkhano.

Choncho musalole kuti akuonetseni mtengo wa holo ndi chakudya chokha. Pemphani pepala limodzi losonyeza zonse pamalo alionse mwa atatuwo: mafuta a galimoto iliyonse kupita ndi kubwerera, alawansi ya munthu aliyense kuchulukitsa ndi mausiku, zipinda, ndiponso chiwerengero chenicheni cha opita, chifukwa mndandanda umene umayamba ndi anthu 40 sumachedwa kutalika anthu akamva kuti ndi kunyanja. Funsaninso makoteshoni a malo atatu osiyana, monga zimafunikira pogula zinthu ndi ndalama za boma. Ngati mwasankhabe kutuluka, hotela ilipiridwe yokha chakudya ndi malo ogona, ndipo kangachepe ka alawansi kotsalako kaperekedwe tsiku lomaliza madzulo. Ndinaonapo ndi maso anga holo itatsala ndi anthu asanu ndi mmodzi tsiku lachitatu, ena onse atasaina pepala la alawansi dzulo lake n'kukagula chambo m'mbali mwa msewu, pamene nkhani ya bajeti yeniyeniyo inali isanayambe.

Mayi wa Pamsika

Ine sindikuona chifukwa chotulukira. Ndalama zimene mukufuna kukadyera kunyanjazo ndi zomwe timalipira ife tsiku ndi tsiku pa tikiti ya pamsika, ndi zomwe eni nyumba amalipira ngati msonkho wa malo. Dziko lino linakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo pamene munabwerera tinauzidwa kuti boma lafika pafupi ndi anthu. Nanga lifika bwanji pafupi ngati bajeti ya mzinda wathu ikukambidwa kumene ife sitingafike ngakhale titafuna kumvetsera? Kumbukiraninso, a Khansala, kuti kuyambira 2020 lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga likugwira ntchito, moti wina aliyense angathe kulemba kalata kufunsa kuti ulendowo unadya ndalama zingati, ndipo amene adzayankhe pamaso pa anthu a m'wodi mwanu ndinu, osati anzanu a ku ofesi.

Mphunzitsi wa Misonkhano

Mayi alankhula zoona, koma holo ya khonsolo ili ndi vuto lake limene sitiyenera kulipeputsa. Ndatsogolerapo zokambirana m'holo yoteroyo, ndipo pofika 11 koloko mmawa mkulu wa zachuma anali ataitanidwa kukasaina macheke, makhansala awiri anali atapita kumaliro, ndipo pakhomo panali anthu odikira a Meya ndi madandaulo awo. Aliyense ankatuluka akunena kuti abwera pompano, koma ambiri sanabwerenso.

Ine ndingasankhe malo omwe ali kunja kwa ofesi koma m'boma lomwelo, monga holo ya sukulu ya ukachenjede kapena nyumba ya mpingo yochitiramo maphunziro, kumene anthu angafike mmawa n'kukagona kwawo madzulo. Masiku awiri ndi okwanira ngati mapepala agawidwa sabata imodzi msonkhano usanachitike. Januwale ndi nthawi ya mvula, choncho ganiziraninso za msewu, ndipo funsani ngati malowo ali ndi jenereta ndi madzi odalirika. Chofunika kwambiri kuposa malo n'chakuti m'bindikiro si msonkhano wa khonsolo yonse, kotero zonse zimene mwagwirizana kumeneko zibwerenso ku makomiti ndi kumsonkhano waukulu, zilembedwe m'maminitsi ndi kuvomerezedwa anthu akumva.

Khansala Watsopano

Zikomo kwambiri nonse. Ndapempha kale pepala la mitengo yonse monga a Kalaliki alangizira, ndipo ku ofesi andiuza kuti aka n'koyamba khansala kulifunsa malo asanasankhidwe. Ndawonjezeranso holo ya sukulu ina ya m'boma lathu lomweli pamndandanda. Kagulu kathu kakumana Lachinayi, ndipo ndikudziwa kuti ndikhoza kugonja pavoti, koma ndapempha kuti mitengo ya malo onse anayi ilowe m'maminitsi.