Thandizeni: mawu akusasa ngakhale voliyumu ili pansi, twita yapsanso

Wofunsa: Akuluakulu chonde ndithandizeni, mutu waima. Tili ndi kagulu koimba ka anthu asanu, ndipo zida ndimasunga ndine: mikisa yaing'ono ya machanelo 8, ampu imodzi ndi masipika awiri. Ndinagula ndi ndalama zanga ndekha. Anzangawo analonjeza kuti adzasonkha, mpaka lero zii, koma chikawonongeka chinthu maso onse pa ine. Mwezi watha twita (kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala) inapsa, ndinakonzetsa, dzulo yapsanso. Woimba wathu akuti sindidziwa ntchito, iye yemweyo amene amafika mochedwa tsiku lililonse. Vuto ndi loti mawu akutuluka osasa ngati wailesi yotha mabatire, ngakhale nditsitse fader, kabatani kotsetsereka ka voliyumu kaja. Mlamu wanga anati ndikweze gain (kabatani kopotokola ka mawu olowa pa chanelo), ndinakweza, zangoipiraipira. Kodi gain imayenera kukhala pa nambala yanji? Loweruka tili ndi ntchito.

Injiniya Wakale: Ampu yanuyo ndi yaing'ono, nkhani yathera pomwepo. Zaka 20 ndili pa zida izi. Ampu yochepa mphamvu mukaikakamiza imadula nsonga za mawu, ndiyo clipping imeneyo, ndipo choyamba kupsa ndi twita. Gulani ampu yaikulu. Gain ikani pa 12 koloko machanelo onse, musamasewere nayo.

Nachisale: Achimwene wofunsa, mwatiuza za mlamu ndi za ngongole koma simunatiuze chimene mwalumikiza pa chanelo iliyonse. Ndi maiki? Kiyibodi? Laputopu? Ndipo mwalowetsa pabowo liti? Gain ilibe nambala imodzi. Maiki imatulutsa timphamvu tochepetsetsa, timamilivolti chabe, n'chifukwa chake preamp, gawo la mikisa limene gain imalamulira, imaikweza ndi 40 dB kapena kuposa, ina mpaka 60. Kiyibodi ndi laputopu zimatulutsa kale mawu amphamvu, a line level. Mukazipatsa gain ya maiki, mawu amaphwanyikira pakhomo penipeni.

Mnyamata wa Bass: Vuto ndi mlamuyo, mubwezeni kwawo 😂

Injiniya Wakale: Mayi inu, za mamilivolti zimenezo n'za m'kalasi. Ine ndikunena za kuntchito. AMPU NDI YAING'ONO.

Nachisale: Bambo, mwadziwa bwanji kuti ndi yaing'ono pamene sanatchule mawati ake? Werengani bwino: akuti akatsitsa fader mawu amasasabe. Fader imabwera pambuyo pa preamp. Mawu akaphwanyika pa gain, fader imangochepetsa phokoso lophwanyika kalelo. Ikanakhala ampu, kutsitsa kukanayeretsa mawu.

Che Gitala: Zinandichitikirapo ine. Ndinabwereketsa masipika kwa mnzanga, anabwera akununkha ngati tayala lopsa. Ndinalipira ndekha kukonzetsa, mpaka pano sitilankhulana. Musamabwereketse zida abale anga.

Mphunzitsi T: Achinyamata a masiku ano mumagula zida osawerenga kabuku kake. Kenako mukubwera pano kudzalira. Kabukuko kali pa intaneti.

Wa Studio: Chitani chonchi pa chanelo imodziimodzi. Gain pansi peni peni, ampu yotsitsa. Dinani batani la PFL loonetsa mawu a chanelo imeneyo yokha pa tinyali ta mikisa, pa mamikisa ena limalembedwa Solo. Woimba aimbe mokweza monga adzaimbire tsikulo, osati "wani thu, wani thu" wonong'ona uja. Kwezani gain pang'onopang'ono mpaka tinyali tizisewera cha pa 0, kofiira kasayake. Kenako fader pa 0, master pa 0, ndipo kukula kwa mawu m'chipinda mukutengere pa ampu.

Injiniya Wakale: Ampu imakhala FULU nthawi zonse. Amene akutsitsa ampu akutaya mawati amene anagula.

Wa Studio: Ayi madala. Kabatani kopotokola ka pa ampu sikachotsa mawati, kamangochepetsa mawu olowa. Mukaitumizira mawu amphamvu, ampu ifikabe pamapeto pake ngakhale kabataniko kali pakati. Mukaiika fulu m'chipinda chaching'ono, mafader anu onse azikhala pansi ndipo kaphokoso ka "sssss" kazimveka.

Injiniya Wakale: Inu a mu studio simunanyamulepo sipika. Ndinayamba ntchito imeneyi musanabadwe. Ndipo wofunsa, masipika anuwo ndi a ma ohm angati? Awiri a 8 pa chanelo imodzi ya ampu amakhala 4. Muone ngati ampu ikulola.

Nachisale: Apo pokha ndagwirizana nanu. Koma za 12 koloko ija ayi.

Mlongo Wanu: Ine langa ndi lina, maiki yanga ya condenser siikutulutsa mawu olo pang'ono. Yatsopano.

Wa Studio: Yatsani batani la 48V achemwali, imafuna phantom power, magetsi ochokera ku mikisa.

Mnyamata wa Bass: Woimba wofika mochedwayo akamagwira maiki kumutu, imalira "tswiii" ndipo mlandu umagwera wa pa mikisa. Ife timaziona.

Che Gitala: Ndipo poyatsa, ampu ikhale yomaliza. Pozimitsa, ikhale yoyamba. Ka "phu" kaja kanandiwonongera sipika ina, osati ija ya mnzanga, ina.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mlamuyo musamunyoze, ndi amene amatinyamulira zida. Za ampu yatsopano sindingakwanitse, anzangawo sanasonkhebe. Maiki ndi ziwiri. Kiyibodi ndinailowetsa pabowo la mapini atatu lija chifukwa waya amene ndili naye ndi wotero, gain ili cha pa 3 koloko monga zinzake. Kanyali kofiira kolembedwa PEAK kamayaka nthawi zonse, ine ndimayesa kakusonyeza kuti chanelo ikugwira ntchito.

Nachisale: Mayo ine. Achimwene, kameneko kakukuwa kuti mawu aphwanyika. Bowo limenelo ndi la maiki. Pezani waya wa jack mulowetse pa LINE, kapena mudzere pa DI box, kabokosi kosintha mawu a kiyibodi kuti ayenere bowo la maiki. Ngati pali batani la PAD lochepetsa mphamvu ya mawu olowa, lidineni lero lomwe, gain mutsitse, muyambirenso monga anenera a Studio.

Injiniya Wakale: Ndi zomwe ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa, clipping. Koma ampu mudzagulebe.

Mlongo Wanu: Yalankhula! Zikomo a Studio.