Kodi kupalasa bwato kungakhale masewero a ana a sukulu kuno ku Senga Bay?

Mphunzitsi wa pa Senga Bay:
Moni nonse. Ana ambiri kuno amadziwa kugwira nkhafi asanafike sitandade 5, koma kusukulu masewero ndi mpira wamiyendo ndi wamanja basi. Kodi kupalasa kungakhale masewero enieni a achinyamata? Phindu lake n'lotani, nanga tingayambe bwanji ndi mabwato omwe alipo kale padoko?

Wankhafi:
Aphunzitsi, n'zotheka ndithu. Ku Olimpiki amapikisana mtunda wa mamita 2,000, m'maboti a munthu mmodzi, awiri, anayi kapena 8. Iwo amakhala moyang'ana kumbuyo pampando woyenda, ndipo mphamvu zambiri zimachokera m'miyendo: amayamba kukankha ndi miyendo, kenako msana, manja pomalizira. Bwato lathu logoba lilibe mpando wotere, choncho mphamvu ili m'chiuno ndi mumsana. Ubwino wake ndi woti mtima ndi mapapo zimalimba popanda mawondo kugundagunda pansi ngati pothamanga, ndipo mwana wonenepa kapena wochedwa pa mpira amapeza malo ake.

Pophunzitsa tsatani izi. Nkhafi ikaimikidwa pansi ifike pachibwano cha mwana. Yaitali imapweteketsa phewa. Amize mbali yonse yotambalala ya nkhafi m'madzi kutsogolo asanayambe kukoka, apotoze chiuno, manja akhale pafupifupi owongoka, aitulutse ikafika pantchafu. Akaipitiriza kumbuyo amangotukula madzi, bwato n'kumazama kumchira m'malo mopita kutsogolo. Cholakwika chachikulu ndi kukoka ndi mikono yokha. Mwana wotero amatopa pa mphindi zisanu, kenako amapinda msana, mawa lake akudandaula m'chiuno. Asinthe mbali akakoka nkhafi ka 10 kuti thupi lisakule mopendekera. Matuza m'manja amabwera chifukwa chofinya nkhafi kwambiri, choncho agwire momasuka ndipo chogwirira chikwechedwe bwino.

Yambani ndi katatu pa sabata, mphindi 10 zotenthetsa thupi pamchenga ndi 30 pamadzi. Mpikisano ukhale wa mamita 200, mamita 500 pambuyo pa miyezi iwiri kapena itatu.

Mayi wa ku Nkhotakota:
Zonsezi n'zoona achimwene, koma mwayamba ndi nkhafi pomwe poyambira ndi kusambira. Kubadwira kunyanja sikutanthauza kuti mwana amasambira. Aliyense asambire mamita 50 atavala zovala, ayandame mphindi ziwiri malo amodzi, ndiye akwere. Kenako gudubuzani bwato dala pamadzi ofika m'chifuwa kuti azolowere kugwira bwatolo osati kuthamangira kumtunda. Jekete yoyandamitsa avale aliyense, yomangika bwino. Ikakhala yaikulu imakwera kumutu mwana akagwa.

Nthawi yabwino ndi m'mawa nyanja ikadali bata. Mwera umavuta kwambiri m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo mafunde akayamba kuoneka oyera pamwamba, tsiku limenelo phunzirani pamchenga. Njira ya mpikisano itsate gombe, isalunjike pakati pa nyanja. Mangani zigubu zotseka ku miyala ngati zizindikiro, osapitirira mamita 50 kuchokera kumtunda, ndipo pakhale wamkulu m'boti lina pafupi. Bwato lililonse likhale ndi chigubu chodula chokapira madzi.

Pewani mathiriro a mitsinje ndi malo a bango. Kuno kwathu palibe angatengere ana kumathiriro a Bua kapena ku Chia, chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. M'madzi odekha a m'bango ndi m'udzu ndimonso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mwana akayamba kukodza magazi apite kuchipatala msanga, mankhwala ake alipo.

Mkulu wa padoko:
Ine ndionjezereko za khalidwe. M'bwato la anthu anayi, wamphamvu akafulumira yekha bwato limazungulira, ndiye mwana amadzionera yekha kuti ayenera kumvera anzake. Wakutsogolo ndiye amapereka liwiro, wakumbuyo amawongola, apakati amatsata. Muziwasinthasintha malo kuti aliyense alawe kutsogolera ndi kutsatira. Nyimbo yopalasira imathandiza kwambiri kuti nkhafi zilowe pamodzi. Akatsika, anyamule okha nkhafi, akape madzi, akokere bwato kumtunda. Atsikana musawasiye.

Koma kambiranani kaye ndi amfumu ndi komiti ya padoko. M'mawa ndi nthawi imene asodzi a usipa amakocheza, ndipo ana akadutsa pa ukonde wa munthu pakhala mlandu.

Mphunzitsi wa pa Senga Bay:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga sukulu imayamba m'mawa, tichite liti? Ndipo tiyambe ndi azaka zingati?

Mayi wa ku Nkhotakota:
Pamadzi muzipita Loweruka m'mawa ndi patchuthi, aphunzitsi. Masiku a sukulu masana akhale pabenchi ndi nkhafi m'manja kuyeserera kulowetsa pamodzi, kapena asambire pafupi ngati kuli bata. Yambani ndi azaka 12 kupita m'tsogolo, ana osapitirira 8 pa wamkulu mmodzi, ndipo kholo lililonse livomereze polemba kalata.