Pampu ya mu sump ija yakhazikika

Anzanga, sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake paipi imavuka pa pampu yobwezera madzi kuchoka mu sump (kathanki kapansi kosefera madzi) kupita m'thanki yanga ya nsomba za m'nyanja. Amene munati vuto ndi klampu yachitsulo munalasa. Madzi amchere anaidya, dzimbiri lake psuu ngati katondo. Ndamanga ziwiri zapulasitiki pa kachidutswa ka paipi ya silikoni (phokoso lachepanso), kenako paipi ya PVC yomata ndi guluu, ndi union (cholumikizira mapaipi chotheka kumasula) kuti ndizimasula pampu potsuka.

Chomwe ndinaiwala ndi kuthima kwa magetsi kuno ku Johannesburg. Pampu ikaima, paipi imayamwa madzi kubwerera pansi mpaka sump kusefukira. Ndaboola kabowo pa paipi, pansi pang'ono pa pomwe madzi amalekeza m'thanki, kuti mpweya uzilowa n'kuletsa kuyamwako. Dzulo magetsi anathima, simenti ili gwa, mayi akunyumba osadandaula.