Kodi mawu oti Ayao sakonda sukulu anachokera kuti?

Kholo la ku Namwera: Akuluakulu, chitonzo chimenechi chimandiwawa. Chinayamba bwanji?

Mphunzitsi wopuma: Bambo, gwero lake ndi ulamuliro wa atsamunda. Boma la Nyasaland linasiyira amishoni maphunziro, ndipo dipatimenti ya maphunziro inadzakhazikitsidwa mu 1926. Sukulu za UMCA, mishoni ya mpingo wa Angilikani, monga ya ku Malindi, zinkaphunzitsa kuwerenga pamodzi ndi katekisimu. Makolo achisilamu ankaopa kuti mwana akabatizidwa n'kusintha dzina, choncho ankamutumiza ku madrasa. Kumeneko ankaphunzira zilembo za Chiarabu, pamene ukalaliki ku boma la Fort Johnston (lero Mangochi) unkafuna Chingerezi. Sunali ulesi ayi.

Mayi wa kwa Makanjira: Aphunzitsi anena zoona, koma musaiwale chilankhulo. Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968. Mwana woyamwa Chiyao amafika Sitandade 1 n'kumva Chichewa chokhachokha, amangokhala duu, kenako amabwereza kalasi. Mphunzitsi ayambe wafotokoza m'Chiyao.

Shehe wa kwa Mponda: Kuti ana asamajombe kusukulu, madrasa azilowa masana ana ataweruka, ndipo jando lizichitika patchuthi chachikulu, anamwali atuluke sukulu zisanatsegulidwe.