Sofa ya pakona: ndi yogula, kapena bola kukhometsa kwa kalipentala?

aNaphiri, Moatize:
Abale, ndithandizeni maganizo. Masofa aakulu a pakona aja, ofewa, okutidwa ndi napa (nsalu ya pulasitiki yooneka ngati chikopa), amene adzaza m'masitolo mu Tete, kodi ndi oyenera pakhomo pamene pali agogo odandaula msana ndi maondo? Kapena bola kukhometsa mipando ya matabwa n'kuikamo makhushoni?

aNgozo, Ulongwe:
Mayi, musanafunse mtengo tengani tepi. Kuchokera pansi kufika pokhalira pakhale masentimita 42 mpaka 45 munthu atakhalapo, osati sofa ili yokha, chifukwa siponji yofewa imamira. Kwa agogo onjezerani pafike 48. Kuchokera kutsogolo kwa pokhalira kufika potsamira pakhale 50 mpaka 55. Ambiri mwa masofa a pakona amapitirira 60, ndiye munthu wamfupi akafuna kutsamira mapazi amalendewera, akafuna kuponda pansi msana umatsala opanda chouchirikiza. Poyesa, khalani mpaka thako ligunde kumbuyo. Pakati pa m'mphepete mwa mpando ndi kuseri kwa bondo palowe zala ziwiri kapena zitatu. Zikapanda kulowa, siyani.

aBanda, Tete:
ANgozo mwanena zoona za miyeso, koma musaiweruze sofa yonse. Chimene chimaononga ndi siponji ya m'kati. Funsani nambala yake. D28 amatanthauza kuti siponji yotalika mita imodzi mbali zonse imalemera makilogalamu 28. Pokhalira pamafunika D28 kapena D33, yochindikala masentimita 10 mpaka 12. Potsamira D20 ikwanira. Wogulitsa akamazemba funsoli, tulutsani siponji mu khushoni muike pa sikelo: ya masentimita 50 m'litali, 50 m'lifupi ndi 10 kuchindikala iyenera kulemera magalamu 700 ngati ndi D28. Ikalemera 400, imeneyo ndi D16, ichita dzenje msanga. Kulimba kwa tsiku logula kusakupusitseni, siponji yopepuka imathanso kukhala yolimba ikadali yatsopano. Sofa ya siponji yabwino ndi yogula ndithu, banja lonse limakwanapo.

aNachisale, Zóbuè:
Achimwene, siponjiyo mungaiyese bwanji pomwe masofa a pakona ambiri anaisokerera m'kati, opanda zipi? Ndiponso napa ndi kutentha kwa ku Moatize sizigwirizana. Okutobala ndi Novembala, kukapitirira madigiri 40, napa satulutsa thukuta, munthu amamatirira, kenaka amaterereka kutsogolo n'kukhalira fupa la kumchira. Pakapita nthawi khungu lake la pamwamba limang'aluka n'kumasupuka. Ku Ulongwe kapena ku Tsangano, kozizira, mwina angapirireko. Kuchigwa sankhani nsalu yochindikala yovula n'kuchapa.

aJere, Dómuè:
Ndiwonjezere za thupi. Pokhalira pakamira, chiuno chimatsika kuposa maondo n'kupendekera kumbuyo, ndipo kupindika kwachibadwa kwa msana wa m'munsi kumafafanizika. Mutu umapita kutsogolo kuti maso aone TV, khosi n'kumasenza katunduyo. Podzuka ndiye pali ntchito: chiuno chikakhala pansi kwambiri, maondo ndi ntchafu zimafunika mphamvu yochuluka, n'chifukwa chake okalamba amayamba adzigwedeza kawiri katatu asanaimirire, ena mpaka kuchita kukokedwa. Agogo amafunika mpando wawowawo wokhala ndi poika mikono mbali zonse ziwiri, polimba, pokwera masentimita pafupifupi 20 kuchokera pokhalira, kuti azikankhirapo podzuka. Pa sofa ya pakona wokhala pakati alibe pogwira. Potsamira papendekeke pang'ono, madigiri 100 mpaka 110, ndipo thaulo lopinda liikidwe pa msana pamene pamadutsa lamba.

Koma tisanamizane, mpando suchiritsa msana. Ngakhale wokhomedwa bwino, kukhalapo maola atatu osasuntha kumaumitsa thupi. Aziimirira n'kuyendako pakatha theka la ola lililonse. Ululu ukamatsikira m'mwendo limodzi ndi dzanzi kapena kufooka, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya kalipentala.

aBanda, Tete:
Nanga alendo akabwera ambiri? Mipando ya mmodzimmodzi imadya malo pabalaza.

aPhiri, Furancungo:
Bambo, mpando wa anthu atatu umodzi ndi iwiri ya mmodzimmodzi zimakwana anthu asanu, ndipo mumatha kuzisuntha posesa kapena kutulutsa pakhonde pakakhala mwambo. Ya pakona ikalowa yalowa, kuseri kwake kumakhala kwa fumbi ndi mphemvu.

Za mafupa a mpandowo: tembenuzani muone kunsi. Mukapeza thabwa la utuchi woumba lolumikizidwa ndi misomali yokha, dziwani kuti madzi okolopera akalifika lifufuma, misomali n'kusolotoka. Mlombwa, umene pogula matabwa amautchula umbila, chiswe sichiukonda, koma ndi wodula. Paini ndi wotsika mtengo ndipo amagwira ntchito ngati wauma bwino n'kupakidwa mankhwala a chiswe. Wosauma amapindika n'kumasula molumikiza. Muuzeni kalipentala abowole thabwa n'kulowetsamo linzake, athire guluu, m'makona aikemo timatabwa tochirikiza tomanga ndi masikuluu. Pansi pa khushoni aike timatabwa totalikirana masentimita 5, osapitirira. Ena amakoka malamba a tayala, koma amenewo amatamuka ndipo ngakhale siponji ya D33 imamira nawo.

aNaphiri, Moatize:
Zikomo nonse. Ndiye miyeso ya agogo kalipentala aitenge bwanji?

aPhiri, Furancungo:
Akhale pa mpando wa patebulo, mapazi ataponda pansi ndi nsapato zimene amavala pakhomo. Yezani kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo, muonjezere masentimita 3 a kumira kwa siponji. Kenaka yezani kuchokera kuseri kwa bondo kufika kuthako, muchotsepo 5. Manambala awiriwo mumulembere pa pepala, ndipo agogo akayese mpandowo usanapakidwe vanishi.