Laputopu ikukana wifi ya pakhomo koma mafoni onse akugwira, ndithandizeni

Abale anga a pagulu pano ndigawireniko nzeru mutu waima. Sabata yatha tinagula rauta yatsopano kuno ku Area 25 chifukwa yakale ija inapsa, ndiye mphwanga ndi amene anakonza zonse, dzina, pasiwedi, chilichonse. Mafoni onse m'nyumba muno akugwira bwinobwino, ngakhale kafoni ka mayi kosweka galasi kaja kakulowa pa WhatsApp osavuta, koma laputopu yanga yokha yakanitsitsa. Dzina la wifi likuoneka, timizere tonse todzadza, ndikalemba pasiwedi imayamba yazungulira kaye kenako n'kulemba kuti "Can't connect to this network" basi. Pasiwediyo ndalemba kambirimbiri mpaka ndinachita kuikopera papepala kumayang'ana chilembo chimodzichimodzi. Laputopu yake ndi yakale ndithu, achimwene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg mu 2015, ili ndi Windows 10. Rauta ndazimitsa n'kuyatsanso, laputopu chimodzimodzi, ndakhala nayo pafupi penipeni ndi rautayo ngati ndikuotha moto koma palibe chasintha. Lolemba ndikuyenera kutumiza asainimenti ndipo bandulo yonse ya mwezi ili mu rautamo.

Woyankha woyamba: Mwaonapo batani la ndege lija? Ena amadina Fn mwangozi wifi n'kuzima.

Mwini funso: Ikanakhala yozima dzina la netiweki silikanaoneka achimwene, pano ndikuona ngakhale ma wifi a aneba.

Wachiwiri: Ingoifomatani basi, bwerani nayo m'tauni tikupangireni.

Wachitatu: Musafomate chilichonse achemwali, mutaya mafayilo pa nkhani yaing'ono. Yambani mwayatsa hotspot pa foni yanu muone ngati laputopuyo ilowe. Ikalowa ndiye kuti kakhadi ka wifi kali moyo, vuto lili pakati pa iyoyo ndi rauta yatsopanoyo. Komanso dinani kumanja pa dzina la wifi musankhe Forget, makamaka ngati mphwanu anapatsa rauta yatsopanoyi dzina lomwe lija la yakale, chifukwa Windows imasunga makonzedwe akale ndiye imakhala ikugogoda ndi kiyi wa nyumba yomwe munasamukamo.

Mwini funso: Pa hotspot yalowa pompopompo, ndatsegula mpaka imelo. Forget ndapanganso koma pa rauta ikukanabe, uthenga womwe uja.

Wina: Kwathu inali tsiku ndi nthawi, kabatire ka CR2032 kamkati kanatha ndiye deti imabwerera m'mbuyo.

Wachitatu: Zimenezo zimachitikadi bwana, koma nthawi zambiri pamenepo wifi imalowa, amakana ndi masamba a pa intaneti. Apa sakudutsa n'komwe pakhomo. Achemwali ine ndikukayikira chitetezo cha rautayo. Marauta atsopanowa ali ndi WPA3, njira yatsopano yotetezera wifi yomwe inatuluka 2018, ndiye laputopu ya 2015 kakhadi kake nthawi zambiri kamangodziwa njira yakale ya WPA2, dzina kamaliona koma kugwirizana ndi pasiwedi kumakanika, pomwe mafoni a masiku ano amalowa osazindikira kuti pali nkhani. Tengani foni yomwe yalumikizidwa kale, tembenuzani rautayo muone kapepala kapansi, pali manambala ngati 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ena 192.168.8.1, mulembe amenewo pamwamba pomwe mumalemba adiresi ya tsamba. Mukalowa pitani pa Wireless kapena WLAN, pa Security musinthe muike WPA2-PSK ndi AES. Muli momwemo suzumiraninso pa MAC filter, pomwe pamasankhidwa zida zololedwa kulowa, anyamata amakonda kuyatsa zimenezo pofuna kutchinga aneba n'kuiwala zida zina za m'nyumba momwemo. Za mafunde a wifi a 5 GHz sindikuziganizira kwambiri poti dzina mukuliona, kakhadi kongodziwa 2.4 GHz netiweki ya 5 sikaiona n'komwe.

Mwini funso: Ikufunanso pasiwedi ina polowa, ya papepalayo ikukana, mwanayu anasintha ndipo foni yake sakuyankha. Ndiboole kabowo ka reset kaja?

Wachitatu: Ayi dikirani kaye, reset imafufuta zonse mukayambirenso kukonza, mafoni onse atuluka. Mudikireni abwere.

Mwini funso: Wabwera, ndamugwira asanavule ndi nsapato zomwe. Talowa limodzi ndipo zoonadi pa Security panali WPA3 yokhayokha, akuti anasankha dala poti ndiyo yamphamvu. Tasintha taika WPA2, mafoni anatuluka onse pang'ono mayi n'kuyamba kufunsa kuti ndaononga chani, koma tawalowetsanso, ndipo laputopu yalowa ulendo woyamba womwewo. Mwandithandiza kwambiri achimwene, Mulungu akudalitseni.

Wachitatu: Zikomo achemwali. Pasiwedi yolowera mu rautayo muilembe penapake nanunso, isamakhale m'mutu mwa mphwanu yekha.

Wachiwiri: Komabe ikufunika kufomata imeneyo.